Mafunso ndi mayankho: maphunziro a chitetezo cha pa foni ndi pa kompyuta m'madera a Tete

Ndife kampani yoteteza makompyuta ndi ma netiweki a maofesi ndi mabizinesi. Imeneyo ndiyo ntchito yotidyetsa. Koma gawo lina la nthawi ya antchito athu timalipereka kwaulere ku sukulu, mipingo, makalabu a alimi ndi magulu a ma ajenti a ndalama za pa foni ku Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde, Moatize ndi mumzinda wa Tete, ku Mozambique. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene aphunzitsi aakulu, mafumu, atsogoleri a mipingo ndi makolo amatifunsa kawirikawiri.

Kodi kampani ya makompyuta ikufunanji kumudzi, kumene anthu ambiri ali ndi foni za mabatani?

Ndalama za anthu zili m'foni ya mabatani yomweyo. M-Pesa ya Vodacom imatseguka ndi *150#, e-Mola ya Movitel ndi *898#, mKesh ya Tmcel ndi *500#, ndipo zonsezi sizifuna intaneti. Mlimi wa ku Domue akagulitsa mbatatesi kapena soya, ndalama ya chaka chonse ikhoza kugona m'kafoni kophwanyika galasi, yotsekedwa ndi manambala 4 okha.

Wakuba wa pa foni sathyola makina a kampani ya mafoni, chifukwa imeneyo ndi ntchito yovuta. Amaimbira mwini ndalama, n'kumulankhula mwaulemu mpaka mwiniwakeyo atatchula PIN kapena atatumiza yekha. N'chifukwa chake maphunziro athu ambiri sakamba za makina. Amakamba za zimene munthu ayenera kuchita m'mphindi ziwiri zimene foni ili kukhutu.

Maphunziro anu amayenda bwanji, ndipo tikonze chiyani?

Gulu limodzi lisapitirire anthu 25, ndipo maola awiri ndi okwanira. Aliyense abwere ndi foni yake yotchaja, osati yobwereka, chifukwa zimene timaphunzitsa zimachitidwa pomwepo ndi zala za mwini. Timalankhula Chinyanja, koma mawu a pa foni timawawerenga m'Chipwitikizi monga mmene alembedwera, kuti munthu akaona saldo (ndalama zotsala m'akaunti), levantar (kutapa) kapena transferir (kutumiza) ali yekha kunyumba adziwe pamene ali.

Theka la ola loyamba timawerenga mauthenga achinyengo enieni amene anthu a m'gululo ali nawo m'foni zawo. Sasowa. Kenako aliyense amaona saldo yake yekha, osafunsa ajenti kapena mwana. Gawo lachitatu ndi losintha PIN: munthu amatembenukira kukhoma kapena kutuluka panja, ndipo mphunzitsi wathu sayang'ana. Timakana 1234, 0000, chaka chobadwa ndi manambala omalizira a foni, popeza wakuba amayamba kuyesa amenewa. Pomaliza timachita sewero: wina amakhala woimba foni wachinyengo, wina woyankha, ndipo gulu lonse limamvetsera pamene woyankhayo wayamba kugonja.

Zimene zimawononga maphunziro timazidziwa. Choyamba ndi khamu. Anthu 200 pansi pa mtengo amamva bwino, amawomba m'manja, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene amasintha PIN. Chachiwiri ndi malo opanda netiweki: yesani kaye *150# ndi *898# m'chipinda chimene mwasankha, chifukwa tchalitchi cha m'chigwa chikhoza kukhala chabwino koma foni osagwira. Chachitatu ndi malonje aatali. Ulemu kwa a mfumu ndi a sekeletale uyenera kuperekedwa, koma upatsidwe nthawi yakeyake maola awiri aja asanayambe. Pewaninso tsiku la msika ndi masabata obzala ndi opalira. Miyezi yabwino ndi kuyambira Epulo mpaka Julaye, ndalama za zokolola zisanalowe kapena zikungoyamba kulowa, chifukwa nthawi yomweyo akuba nawonso amakhala ali pa ntchito.

Ndi chinyengo chanji chimene anthu ayenera kuchidziwa?

Pali mitundu isanu imene imabwerabwera, ingosintha malaya.

Woyamba ndi wa ndalama yosochera. Mumalandira uthenga wooneka ngati wa M-Pesa kapena e-Mola wonena kuti mwalandira mameticais akutiakuti. Posakhalitsa wina akuimba, mawu achisoni, kuti watumiza molakwitsa ndalama ya kuchipatala, chonde mubweze. Uthengawo anaulemba yekha pa foni yake. Uthenga weniweni umabwera ndi dzina la kampani pamwamba, osati nambala wamba yoyamba ndi 84, 85, 86, 87, 82 kapena 83. Koma musadalire dzina lokha. Dulani foni, onani saldo. Ngati sinakwere, palibe chimene chalowa. Ngati yakweradi, muuzeni aimbire kampani kuti ndiyo ibweze. Mukabweza nokha, mwini weniweni akadandaula ku kampani mukhoza kuluza kawiri.

Wachiwiri ndi waufupi kwambiri: "ndalama ija mutumize pa nambala iyi, inayo ili ndi vuto". Uthengawu umatumizidwa kwa anthu ambirimbiri nthawi imodzi mwachisawawa. Umagwira munthu amene tsiku lomwelo analidi ndi ngongole kapena fizi yoti atumize. Mankhwala ake ndi kuimbira munthuyo pa nambala yakale imene mumaidziwa ndi kumva mawu ake.

Wachitatu ndi wa wantchito wabodza. Amati akuimba kuchokera ku kampani ya mafoni kapena ku banki, akaunti yanu itsekedwa lero, ndiye mutchule PIN kapena mudine manambala amene akuuzeni. Manambala amene amakuwerengerani pang'onopang'onowo ndi njira yotumizira ndalama kwa iye. Palibe wantchito wa kampani, wa banki, wa boma kapena wa kampani yathu amene ali ndi chifukwa chodziwira PIN yanu.

Wachinayi ndi wa ntchito ndi mphoto: malo a ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, ngongole ya feteleza, thandizo la okalamba, njinga yamoto imene mwawina pa mpikisano umene simunalowe. Onse amathera pa mawu amodzi, akuti perekani kaye kandalama kolembetsera. Wachisanu ndi wa ngozi, wonena kuti mwana wanu wagundidwa kapena wamangidwa ndipo pakufunika ndalama msanga. Chofanana pa isanu yonseyi ndi changu. Munthu akakukanizani kudula foni kuti mufunse mnzanu, dziwani kuti kufunsako ndi kumene akukuopa.

Ndatumiza kale ndalama, kapena ndatchula PIN. Ndichite chiyani?

Chitani izi motsatana, tsiku lomwelo, osadikira kuti kuche.

1. Ngati PIN yatuluka, isintheni nthawi yomweyo. Ikakana, pemphani kampani itseke akaunti.
2. Imbirani nambala yothandizira makasitomala imene yalembedwa pa khadi limene SIM inabwerapo, kapena pitani ku shopu ya kampaniyo ndi BI yanu, chitupa cha unzika. Musaimbe nambala imene wakubayo wakupatsani.
3. Musafufute chilichonse. Uthenga wotsimikizira uli ndi nambala ya ntchito imene yachitika, nthawi, kuchuluka kwa ndalama ndi nambala yolandira. Koperani zonsezi pa pepala.
4. Kadandauleni ku polisi, ku esquadra kapena ku comando ya boma lanu. Milandu yotere imafufuzidwa ndi SERNIC, bungwe la boma lofufuza milandu. Pemphani kapepala kosonyeza kuti mwadandaula.

Tinene zoona: wakuba amatapa ndalama kwa ajenti kapena kuzipititsa pa nambala ina m'mphindi zochepa, ndipo zikatuluka m'akaunti yake kubweza kumavuta. Kudandaula kumathandizabe kuti nambalayo itsekedwe. Chenjeraninso ndi foni yachiwiri, ya munthu wolonjeza kukubwezerani ndalama zobedwazo mukamulipira pang'ono. Kawirikawiri ndi gulu lomwe lija.

SIM yanga inalembetsedwa m'dzina la achimwene. Kodi pali vuto?

Lilipo, ndipo limaonekera tsiku loipa. Foni ikatayika kapena SIM ikapsa, kampani imapereka ina kwa munthu amene dzina lake lili m'kaundula, atabwera ndi chitupa chake. Achimwene akakhala ali ku Joni kapena atamwalira, ndalama zili m'akauntiyo zimasanduka mlandu wautali. Kumbali inayo, amene mwabwereketsa BI yanu kuti wina alembetsere SIM, dziwani kuti nambalayo ikagwiritsidwa ntchito pobera anthu, apolisi adzagogoda pakhomo panu. INCM, bungwe loyang'anira za mauthenga m'dziko muno, limalamula kuti SIM iliyonse ilembetsedwe, ndipo cholinga chake n'chakuti nambala ikhale ndi mwini wodziwika.

Pitani nonse awiri ku shopu ya kampani ndi zitupa zanu mukasinthitse dzina. Musasiye fotokope ya BI pa benchi ya wogulitsa SIM mumsewu popanda kulembapo tsiku ndi ntchito yake. Ndipo foni yanu ikangotaya netiweki mwadzidzidzi pamalo pamene anzanu a kampani yomweyo akugwira bwino, musangoti ndi mitambo. Mwina wina watenga SIM ina ya nambala yanu, ndipo mauthenga onse a ku banki akupita kwa iye.

Nanga foni ikabedwa?

Konzekerani isanabedwe. Dinani *#06# ndipo mulembe manambala 15 a IMEI, ozindikiritsa foni yanu, m'buku la kunyumba, apolisi adzawafuna. Ikani PIN pa SIM yeniyeniyo, chifukwa wakuba amachotsa SIM n'kuiika m'foni ina, ndiye loko wa pa galasi sathandiza. Samalani pochita izi: mukalakwitsa PIN ya SIM katatu imafuna PUK ya manambala 8, imene ili pa khadi lija, ndipo mukalakwitsa PUK kakhumi SIM yafa. Musataye khadi limenelo, ndipo PIN ya ndalama musailembe pa kapepala koika kuseri kwa batire.

WhatsApp ya abusa athu yabedwa, ikupempha ndalama kwa akhristu. Zimatheka bwanji?

Wakuba amaika WhatsApp pa foni yake n'kulemba nambala ya abusa. WhatsApp imatumiza manambala 6 pa SMS ku foni ya abusa. Kenako wakubayo amaimba kapena kulemba, mwina kudzera pa akaunti ya mnzawo imene waba kale, kuti "ndakutumizirani manambala a msonkhano wa pa intaneti, ndiwerengereni". Akangowerenga, akaunti yasamuka.

Kubweza: tsegulani WhatsApp pa foni ya abusa, lembaninso nambala yawo, ndipo muike manambala 6 atsopano amene abwere pa SMS. Wakubayo amatulutsidwa. Ngati iye anaika kale PIN yake yotsimikizira kawiri, muyenera kudikira masiku 7 musanalowe popanda PIN imeneyo. M'masiku amenewo lengezani m'tchalitchi ndi m'magulu onse kuti asatumize kanthu, ndipo oyang'anira magulu achotse kaye nambalayo.

Kupewa n'kosavuta. Mu zokonzera za WhatsApp, pa Conta, yatsani kutsimikizira kawiri, muike PIN ya manambala 6 ndi imelo ngati muli nayo. Onaninso mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa, ndipo mutulutse chilichonse chimene simukuchidziwa. Anthu amene amabwereketsa foni kwa wokonza kapena kuisiya pa malo otchajira ayenera kuona mndandanda umenewu kawirikawiri. Pa Facebook vuto lofala ndi lina: akaunti inatsegulidwa ndi mnyamata wa pa msika, ndi nambala imene mwini anaitaya kalekale. Nambala yosagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali kampani imaipereka kwa wina, ndipo winayo akhoza kulandira uthenga wosinthira mawu achinsinsi.

Timakhala m'malire, timagwiritsa ntchito SIM za mbali zonse ziwiri. Pali chosiyana?

Ku Calomue, Biri-biri ndi Zóbue munthu mmodzi amakhala ndi M-Pesa kapena e-Mola pamodzi ndi Airtel Money kapena Mpamba. Ku Cassacatiza amawonjeza ya ku Zambia. Nambala ya kuno imayamba ndi +258, ya ku Malawi +265, ya ku Zambia +260. Dandaulo limapita ku kampani ya dziko limene SIM inalembetsedwa, choncho ndalama yobedwa pa nambala ya ku Malawi siingatsekedwe ndi shopu ya ku Ulongue. Musaike PIN imodzi pa akaunti zonse. Posintha makwacha ndi mameticais pa foni, onani saldo yanu musanapereke ndalama ya m'manja. Chithunzi cha uthenga chimene wina akukuonetsani pa foni yake si umboni.

Agogo sadziwa kuwerenga, PIN yawo imasungidwa ndi mdzukulu. Mumati bwanji?

Sitinamizira kuti zimenezi zidzatha. Timangochepetsa ngozi. Wosunga PIN akhale mmodzi, wosankhidwa ndi agogo eni ake, ndipo munthu wachiwiri wa m'banja aziona saldo ndi mauthenga kamodzi pa mwezi. Kwa ajenti, foni isachoke m'manja mwa mwini kapena wa mdzukuluyo, ndipo PIN isatchulidwe mokweza pa mzere. Okalamba ambiri osadziwa zilembo amadziwa manambala bwino lomwe, popeza akhala akuwerenga ndalama moyo wawo wonse. Ambiri akayeserera kangapo pa foni ya mabatani amatha kudina PIN okha, ndipo gawo lokhalo ndi limene lifunika kukhala lawo.

Ma ajenti timawaphunzitsa paokha, chifukwa iwonso amaberedwa: wina amaonetsa uthenga wabodza wa kutapa ndalama nthawi ya chipwirikiti, wina amapempha kugwira foni ya ntchito kuti alembe yekha nambala. Lamulo lawo ndi lakuti ndalama ituluke m'kabati pokhapokha uthenga utafika pa foni ya ajenti mwini, ndipo ntchito iliyonse ilembedwe m'buku.

Ku sukulu mumaphunzitsa zotani? Ana ambiri alibe foni.

Alibe zawo, koma ndi amene amagwira foni za makolo, choncho mwana wophunzitsidwa amateteza nyumba yonse. Ku pulayimale timangokamba za PIN, mauthenga a mphoto ndi anthu osawadziwa. Ku sekondale timawonjeza mawu achinsinsi, ma linki olonjeza ma mega aulere, ndi nkhani ya zithunzi. Facebook, WhatsApp ndi TikTok zimafuna kuti munthu akhale ndi zaka zosachepera 13, ngakhale aliyense akudziwa kuti ana amanama zaka.

Nkhani ya zithunzi za maliseche timaiphunzitsa atsikana paokha, anyamata paokha, pali mphunzitsi wa pasukulupo. Mwana akaopsezedwa kuti chithunzi chake chifalitsidwa, asalipire, asatumize china, asafufute mauthenga, ndipo auze wamkulu amene amamukhulupirira. Nambala ya Linha Fala Criança ndi 116, yaulere. Makolo, mwana akaulula musayambe ndi chikwapu. Woopsezayo mphamvu yake yonse ili pa mantha amene mwana ali nawo pa inu.

Antchito athu sakhala okha ndi mwana, satenga nambala za ana, ndipo sitijambula nkhope za ana kuti tikaike pa tsamba la kampani.

Tingapemphe bwanji, ndipo timalipira zingati?

Simulipira, ndiponso sitipereka ndalama kwa obwera kudzaphunzira. Lembani kalata yonena dzina la gulu, malo, chiwerengero cha anthu, mtundu wa foni zimene ambiri ali nazo, netiweki imene imagwira, ndi masiku awiri amene mungakonde. Sukulu idutsitse kalatayo kwa a diretori ndi ku SDEJT, ofesi ya maphunziro ya boma lawo. Gulu la m'mudzi lidziwitse a mfumu. Tipatseni mwezi umodzi, ndipo m'dzinja muwonjezere, chifukwa misewu ina ya ku Macanga ndi Chifunde mvula ikagwa siidutsika.

Chofunika kwambiri m'kalatamo ndi maina a anthu awiri amene adzatsale akuthandiza anzawo ife titapita. Amenewa timakhala nawo tsiku lathunthu. Gulu lopanda anthu otere timaliika kumbuyo kwa mzere.

Wina akabwera m'dzina lathu n'kupempha ndalama yolembetsera, kutolera ma BI, kapena kulemba ma PIN pa pepala kuti "akawateteze", si wathu. Muuzeni a mfumu ndi apolisi.

Kodi mumapereka makompyuta ku sukulu?

Nthawi zina, ndipo timafunsa mafunso ambiri kuposa mmene anthu amayembekezera. Sukulu zambiri zili ndi chipinda chokhoma chodzaza makompyuta a mphatso amene anagwira ntchito teremu imodzi. Sitifuna kuwonjezerapo.

Tiyambe ndi magetsi. Laputopu imodzi imadya pafupifupi ma watt 40 ikamagwira ntchito. Khumi, kwa maola 4 pa tsiku, ndi 1,600 Wh. Mukawonjeza rauta, mababu ndi zimene inveta imataya, werengerani 2,000 Wh. Batire ya asidi ya 12V 200Ah imasunga 2,400 Wh, koma yoyenera kugwiritsidwa ntchito ndi theka lokha. Mukamaikhuthula yonse tsiku ndi tsiku siikhalitsa. Ndiye pafunika mabatire awiri otere, ndi mapanelo okwana ma watt 600 kuti adzaze ngakhale tsiku la mitambo pang'ono. Kompyuta ya pa tebulo ndi sikirini yake imadya pafupifupi ma watt 150, kutanthauza kuti zonsezi muchulukitse pafupifupi kanayi. N'chifukwa chake kumalo a sola timapereka malaputopu okha. Kumene kuli magetsi a EDM, kampani ya boma ya magetsi, komiti ya sukulu inene poyera amene azigula Credelec, mayunitsi olipiriratu, ndipo pakhale waya wa pansi ndi chotetezera ku mphenzi. Kuyambira Novembala mpaka Malichi, mvula ya ziphaliwali ikayamba, zulani mapulagi kukhoma. Kuzimitsa kokha sikuteteza.

Chachiwiri ndi nyengo. Mumzinda wa Tete kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo chipinda cha malata chopanda siling'i chimapha mabatire ndi ma disiki. Ku Moatize fumbi limatseka mafani. Phunzirani m'mawa, phimbani makina ndi nsalu akazizira, ndipo muwapemerere fumbi teremu iliyonse. Ku Angónia ndi Tsangano kutentha si vuto kwenikweni. Kumeneko adani ndi chinyontho, denga lodontha ndi makoswe odya mawaya.

Chachitatu ndi mapulogalamu. Microsoft inasiya kukonza Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo thandizo la nthawi zonse la Windows 10 linatha pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna kachipangizo ka TPM 2.0, kamene makompyuta ambiri akale alibe. Oterowo timawafufuta disiki yonse n'kuikamo Linux Mint ndi LibreOffice, zimene ndi zaulere ndipo zili m'Chipwitikizi. Ana amalowa pa akaunti wamba yosatha kuika mapulogalamu. Mawu achinsinsi a woyang'anira amasungidwa ndi anthu awiri, wina mu envulopu yomata ku ofesi ya a diretori, chifukwa mphunzitsi mmodzi akasamutsidwa amapita nawo m'mutu. Kumene kulibe intaneti timaika Kiwix, imene imasunga Wikipedia m'kompyuta momwemo.

Chotsiriza, chitseko cholimba, zitsulo m'mawindo, ndi buku lolemba nambala ya kompyuta iliyonse.

Mafayilo onse a pa flashi asanduka timivi, sakutseguka. Atayika?

Kawirikawiri ayi. Ka vairasi kameneka kamayenda ndi ma flashi kuchokera ku malo a fotokope ndi okopera nyimbo. Kamabisa mafoda enieni n'kuika timafayilo tonamizira ta dzina lomwelo, ndipo mukadina kamodzi kalowa m'kompyuta yanu. Musadine. Pa kompyuta ya Windows yokhala ndi antivairasi watsopano, pimani flashiyo, tsegulani cmd (kazenera kolembamo malamulo a kompyuta), ndipo ngati flashi ili pa chilembo E mulembe attrib -h -r -s /s /d E:\*.* kenako Enter. Mafoda abwerera. Koperani zofunika zokha, fufutani flashi yonse, ndipo mupimenso kompyuta iliyonse imene inalowamo, apo ayi mawa zibwereranso. Ofesi ya sukulu ikhale ndi flashi imodzi yopita ku fotokope, ndi ina yosungira magiredi imene siituluka pakhomo.

Mumathandiza mpira, zikondwerero kapena mapulogalamu a pa wailesi?

Wailesi inde, chifukwa imafika kumene galimoto yathu siifika. Timalipira nthawi pa wailesi za m'madera kuti pakhale pulogalamu ya Chinyanja kapena Chinyungwe imene omvera amaimba n'kuwerenga uthenga umene alandira. Timathandizanso magulu a zisudzo, kusindikiza mapepala omata pa mabenchi a ma ajenti, ndi mayendedwe a aphunzitsi opita kukaphunzira. Masiku awiri amene timakonda kumangirirapo ntchito ndi Safer Internet Day mu Febuluwale, sukulu zikangotsegula, ndi mwezi wa Okutobala, umene maiko ambiri amaupatula kukamba za chitetezo cha pa intaneti.

Mpira timathandiza pokhapokha pali gulu limene likhale pansi ndi foni m'manja masewero asanayambe. Dzina la kampani pa jezi silinaletsepo wakuba aliyense. Misonkhano ya zipani sitithandiza. Ndalama sitipereka m'manja mwa munthu kapena pa nambala yake. Timalipira wogulitsa katundu mwachindunji, pa risiti yokhala ndi NUIT, nambala ya msonkho.

Mwana wanga akufuna ntchito imeneyi. Ayambire pati?

Ayambe ndi zapansi: mmene netiweki imayendera, Linux, ndi Chingerezi chowerenga, chifukwa mabuku ambiri a ntchitoyi ali m'chinenerocho. Cisco Networking Academy ili ndi phunziro laulere loyambira la chitetezo, lopezekanso m'Chipwitikizi. picoCTF ya yunivesite ya Carnegie Mellon ndi masewero a Bandit a OverTheWire ndi malo aulere oyesererapo mololedwa, ndipo Bandit siidya ma mega ambiri popeza ndi zilembo zokhazokha. Satifiketi ngati CompTIA Security+ imalipiridwa m'madola, choncho ibwere pambuyo, akatsimikiza. Ntchito yoyamba ya ambiri imakhala yokonza makompyuta ndi kuyala mawaya mu ofesi, ndipo si yonyozeka.

Adziwenso malire. Kulowa m'akaunti kapena m'makina a wina popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa Código Penal (lamulo la milandu) ya 2019, ndipo lamulo la Lei n.º 3/2017 ndi limene limayendetsa zochitika za pa makina ndi malonda a pa intaneti, moyang'aniridwa ndi INTIC, bungwe la boma loona za makompyuta ndi intaneti. Ophunzira amene timawathandiza amasaina kuti adzayeserera pa makina oyesererapo okha. Woyesa luso lake pa Wi-Fi ya sukulu kapena Facebook ya mnzake timamuchotsa.

Mungandithandize kuona mauthenga a pa foni ya amuna anga, kapena kutsegula foni imene ndagula pa msika?

Ayi, zonse ziwiri. Mapulogalamu amene amalengezedwa kuti amaonetsa mauthenga a wina nthawi zambiri amabera woikayo. Foni yogula yokhoma ndi akaunti ya Google ya munthu wina ibwezeni kwa wogulitsa, chifukwa mwina ndi yobedwa.

Mumadziwa bwanji kuti maphunzirowa akuthandiza?

Sitiwerenga anthu amene anabwera kapena zithunzi zimene zinajambulidwa. Patatha miyezi itatu timabwerera, kapena kuimbira anthu awiri otsala aja, n'kufunsa zinthu zooneka: ndi angati amene angaone saldo okha, ndi angati amene WhatsApp yawo ili ndi PIN yotsimikizira kawiri, ndi SIM zingati zimene zasinthidwa kukhala m'dzina la mwini, ndi makompyuta angati amene akuyakabe. Timafunsanso ngati wina waberedwa chichitikire maphunziro, ndi njira imene anaberedwera. Njirayo ikakhala yatsopano, timapempha mwini uthengawo kuti atilole kuukopera, titafufuta dzina ndi nambala yake, ndipo umakawerengedwa ku gulu lotsatira.